Famu ya ng'ombe zamkaka ya m'kompyuta: momwe masamu amasakira njira yopindulitsa koposa

Pa 1 Julaye 2021 dziko la New Zealand linayamba kutsata lamulo loti mlimi wa ziweto asathire feteleza wopereka nayitirojeni woposa makilogalamu 190 pa hekitala ya msipu pachaka. Cholinga chinali kuteteza mitsinje ndi madzi a pansi pa nthaka. Koma kwa mlimi wa ng'ombe zamkaka amene anazolowera kuthira wochuluka, nkhani sinathere pa feteleza. Udzu ukachepa, achepetse ng'ombe kapena azigula chakudya china? Akachepetsa ng'ombe, zotsalazo zizibereka mwezi uti? Udzu wotsala audule n'kuusunga kapena auleke m'busa? Zinthu za pafamu n'zolukanalukana ngati mphasa, ukakoka chingwe chimodzi mabango onse amasuntha.

Nthawi ngati imeneyi ndi yomwe timamva kuti "akatswiri aika zonse m'kompyuta ndipo yapeza njira yabwino". Ena amaona ngati kompyutayo yaombeza ula, ena amangoti n'chinyengo cha anthu ophunzira. Zoona zake n'zakuti pali zida ziwiri zosiyana zomwe zimagwira ntchito limodzi. China ndi famu yoyerekezera, china ndi msaki amene amayendayenda m'famumo kufunafuna pomwe pali phindu lochuluka.

Famu yoyerekezera n'chiyani

Pa Chingerezi amaitcha simulation model. Ndi pulogalamu yomwe imatsanzira moyo wa famu tsiku ndi tsiku kapena mlungu ndi mlungu. Mvula ikagwa yochuluka chonchi, udzu umakula chonchi. Ng'ombe ikadya makilogalamu akutiakuti, imatulutsa malita akutiakuti ndipo imanenepa kapena kuwonda. Zonsezi zimalembedwa m'masamu ochokera ku kafukufuku wa zaka zambiri.

Zina mwa zomwe pulogalamu imayenera kudziwa n'zomwe woweta aliyense amadziwa kale. Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 280. Ikapanda kutenga bere imafunanso nkhunzi pakatha masiku 21. Ikabereka, mkaka umakwera mpaka mwezi wachiwiri, kenako umatsika pang'onopang'ono, ndipo alimi amasiya kuikama masiku 60 isanaberekenso. Kukwera ndi kutsika kumeneku katswiri wa ku Britain, P. D. P. Wood, anakulemba m'masamu aafupi a manambala atatu okha m'chaka cha 1967, ndipo mpaka lero mapulogalamu ambiri amadalira masamu omwewo.

Mafamu oyerekezerawa alipo ambiri, ndipo iliyonse imafanana ndi kwawo. Ku Denmark kuli SimHerd, yomwe inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo imatsata ng'ombe iliyonse payokha mlungu ndi mlungu, makamaka pa za matenda ndi kubereka. Ku America kuli IFSM ya unduna wa zaulimi, yomwe a Alan Rotz ndi anzawo anaikulitsa kuchokera ku pulogalamu yakale ya DAFOSYM. Iyo imayendetsa famu pa nyengo ya zaka 25 kuti ione zaka za mvula ndi za chilala zomwe. Ku Ireland bungwe la Teagasc lili ndi yake ya ku Moorepark. Ku New Zealand bungwe la DairyNZ lili ndi Whole Farm Model, ndipo m'kati mwake muli ng'ombe ya masamu yotchedwa Molly, yomwe a R. L. Baldwin anaipanga ku Davis, m'chigawo cha California.

Chofunika kumvetsa n'chakuti famu yotereyi siisankha kanthu. Imangoyankha funso limodzi: "Ndikachita chakuti, pachitika chiyani?" Muiuze kuti ng'ombe 3 pa hekitala, ziyambe kubereka pa 20 Julaye, feteleza makilogalamu 150, ndipo idzakuuzani mkaka, ndalama ndi udzu wotsala. Koma singakuuzeni kuti mukadaika tsiku la 1 Ogasiti zikadakhala bwino. Kuti mudziwe, muyenera kuifunsanso.

Bwanji osangoyesa zonse?

Funso limeneli aliyense amalifunsa, poti kompyuta siitopa. Tiyeni tiwerengere limodzi. M'chaka cha 1996 a David Mayer ndi anzawo a ku Queensland, m'dziko la Australia, anayesa njira zosiyanasiyana zosakira pa famu yoyerekezera yomwe inali ndi zinthu 16 zoti mlimi asankhe. Tingoyerekeza kuti chinthu chilichonse chili ndi mayankho 10 okha. Ndiye kuti mapulani onse otheka ndi 10 kuchulukitsa ndi 10 maulendo 16, nambala 1 yotsatana ndi maziro 16. Kompyuta itamayesa pulani imodzi pa sekondi, usana ndi usiku, ingamalize patatha zaka zoposa 300 miliyoni. Ndipo mapulogalamu akuluakulu amatenga mphindi, osati sekondi, kuti ayendetse chaka chimodzi cha famu.

Kuyesa chinthu chimodzichimodzi nakonso sikuthandiza, chifukwa zosankhazo zimakokana. Ku New Zealand ng'ombe zimadya m'busa chaka chonse ndipo khola lonse limabereka nthawi imodzi, cha mu Julaye ndi Ogasiti, kuti mkaka ufike pachimake pamene udzu ukukula mofulumira. Tsiku labwino loyambira kubereka pa famu ya ng'ombe zochepa si labwinonso ng'ombe zikachuluka, poti pakamwa pachuluka udzu usanaphuke. Mukasintha chiwerengero cha ng'ombe, tsiku lija lasuntha. Mukasintha tsiku, feteleza wofunika wasintha.

Apa m'pamene pamabwera msaki. Optimization ndi dzina la luso losaka yankho labwino koposa popanda kuyesa mayankho onse. Msaki aliyense amafuna kuuzidwa zinthu zitatu: zomwe angasinthe, malire omwe sayenera kudumpha, ndi chomwe tikuyezera chipambano, kaya ndi phindu pa hekitala, kaya ndi mtengo wotsika wa chakudya. Chachitatuchi amasankha ndi munthu, ndipo tidzabwererako.

Pamene masamu ali owongoka

Njira yakale kwambiri pa ulimi wa mkaka ndi linear programming, kusaka ndi masamu a mizere yowongoka, ndipo limodzi mwa mafunso oyamba omwe inayesedwapo linali la m'mimba. M'chaka cha 1945 katswiri wa zachuma wa ku America, a George Stigler, anafunsa kuti munthu wamkulu angadye motchipa bwanji chaka chonse osasowa chofunika m'thupi. Anali ndi zakudya 77 ndi zofunika m'thupi 9. Atawerengera pamanja ndi kuganiza mwanzeru, anapeza madola 39.93 pachaka pa mitengo ya 1939, ndipo mbale yake inali ya ufa wa tirigu, mkaka wa m'chitini, kabichi, sipinachi ndi nyemba. M'chaka cha 1947 a George Dantzig anatulukira ndondomeko yotchedwa simplex, ndipo poiyesa pa funso la a Stigler, makalaliki 9 okhala ndi makina owerengera a pa desiki anagwira ntchito yomwe munthu mmodzi ikadamutengera masiku 120. Yankho lenileni linatuluka madola 39.69. A Stigler anangophonya ndi masenti 24. Sungani masenti amenewa m'mutu.

Patangotha zaka zinayi, mu 1951, a Frederick Waugh anagwiritsa ntchito njira yomweyo popeza chakudya chotchipa cha ng'ombe zamkaka, ndipo lero makampani opanga zakudya za ziweto amasakaniza motero.

Tione pafupi ndi manambala ongoyerekeza. Tikufuna makilogalamu 100 a chakudya chokhala ndi mapuloteni 18 pa 100 alionse. Madeya ali ndi 10 ndipo kilo ndi K300. Keke ya soya ili ndi 44, kilo K1,500. Keke ya njere za thonje ili ndi 30, kilo K900. Madeya ndi soya okha, pafunika makilo 23.5 a soya ndi 76.5 a madeya, ndalama pafupifupi K58,200. Madeya ndi thonje, makilo 40 a thonje ndi 60 a madeya, K54,000. Msaki adzathamangira thonje. Koma mlangizi akuti thonje lisapitirire makilo 20, chifukwa m'njere zake muli gosipolo, yemwe akachuluka amavulaza ziweto. Malire amenewa akaikidwa, yankho limakhala thonje 20, soya pafupifupi 12, madeya 68, ndalama K56,100.

Chomwe ine ndimachikonda pa njira imeneyi si yankholo ayi, koma zomwe imanena pambali. Imakuuzani kuti kilo iliyonse ya thonje yomwe mlangizi angalole kuonjezera ikupulumutsani pafupifupi K106. Ndiye kuti malire alionse ali ndi mtengo wake, ndipo mumadziwa kuti ndi ati akukupanikizani kwenikweni: malo, antchito, ndalama kapena lamulo la boma.

Vuto lake lili m'dzina lomwelo. Njirayi imafuna kuti zinthu ziziyenda mowongoka: makilo awiri apereke kawiri zomwe kilo imodzi ikupereka. Ng'ombe siyenda choncho. Kilo yoyamba ya chakudya chapadera imabweretsa mkaka wambiri, yachisanu ndi chitatu imangoinenepetsa kapena kuisokoneza m'mimba, ndiponso ikakhuta chapadera imachepetsa kudya udzu. Komanso theka la ng'ombe kapena theka la thirakitala kulibe. Akatswiri amazemba mavutowa podula mzere wokhota m'tizidutswa towongoka ndi polamula kuti zinthu zina zikhale zathunthu, koma pamafika poti famuyo sikwananso m'masamuwo.

Ng'ombe iyi ichoke kapena ikhale?

Pali funso lina lomwe limavuta chifukwa cha nthawi. Ng'ombe yabereka kanayi, yatha miyezi isanu isanatenge bere, mkaka ukutsika. Muikweretsenso, muidikire, kapena muigulitse kwa abutchala n'kuika yaing'ono m'malo mwake? Yankho la lero limadalira zomwe mudzasankhe mwezi wamawa, ndipo za mwezi wamawa zimadalira za mwezi winawo.

Wosewera bawo amaidziwa nkhaniyi. Sayang'ana njere zomwe adye panopa zokha, koma momwe bawo litsalire akamaliza kutakata. A Richard Bellman, m'zaka za m'ma 1950, anakonza njira yotchedwa dynamic programming yomwe imayambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Imayamba yapeza mtengo wa mkhalidwe uliwonse womwe ng'ombe ingakhalemo m'mwezi womaliza, kenako imabwerera mwezi umodzi n'kufunsa kuti pa mkhalidwe uliwonse chosankha chabwino n'chiti poti zakutsogolo tikuzidziwa kale, mpaka kufika lero. A Johan van Arendonk ku Wageningen, m'dziko la Netherlands, anaigwiritsa ntchito pa ng'ombe zamkaka m'zaka za m'ma 1980, ndipo a Anders Kristensen a ku Copenhagen anaikonza kuti izinyamula mikhalidwe yambiri. Chomwe mlimi amalandira ndi nambala imodzi pa ng'ombe iliyonse: ndalama zomwe angapindule poisunga poyerekeza ndi kuisinthanitsa lero. Nambalayo ikatsika pansi pa ziro, malo ake m'khola akuyenera ina.

A Bellman omwewo ndiwo anatchula chilema cha njira yawo kuti "temberero". Ng'ombe ikafotokozedwa ndi maulendo obereka 10, miyezi 20 chiberekereni, miyezi ya bere 10 ndi magulu 15 a kuchuluka kwa mkaka, mikhalidwe yafika kale 30,000. Onjezerani magulu anayi a mbiri ya matenda a mawere, yafika 120,000. Ndipo imeneyi ndi ng'ombe imodzi, ngati kuti zinzake m'kholamo kulibe ndipo yolowa m'malo ilipo nthawi zonse.

Kukwera phiri m'chifunga

Tikafika pa famu yathunthu, ya udzu, mvula, ng'ombe ndi msika, masamu owongoka aja sathekanso. Msaki sangaone m'kati mwa pulogalamu. Amangoponya pulani n'kulandira nambala. Zili ngati munthu amene wasiyidwa pa phiri la Mulanje tsiku la chiperoni, osaona ngakhale mamita asanu, ali ndi kachipangizo kongomuuza kutalika kwa pomwe waima, n'kumuuza kuti apeze Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002.

Nzeru yoyamba n'kupapasa ndi phazi mbali zonse n'kulowera komwe kukukwera. Njira zakale zimachita zomwezo, ndipo zimafulumira. Koma munthu wotere akayambira mbali ya Chambe adzafika pamwamba pa Chambe, n'kupeza kuti mbali zonse n'zotsika, n'kulengeza kuti wafika. Sananame, pomwe waimapo m'pamwamba ndithu, koma Sapitwa ali kwina, ndipo kuti akafikeko ayenera kuyamba watsika. Mafamu oyerekezera ali ndi nsonga zotere zambiri, ndiponso maphompho: kusuntha tsiku lodula udzu ndi masiku awiri kungachititse kuti busa lina lidumphidwe, phindu n'kugwa mwadzidzidzi.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Njira zomwe zimachita bwino pano ndi zomwe zimalimba mtima kuutaya fodya wapamphunoyo mwa apo ndi apo.

Yoyamba ndi simulated annealing, yomwe a Kirkpatrick, a Gelatt ndi a Vecchi a ku kampani ya makompyuta ya IBM anaifalitsa mu 1983. Dzinalo linachokera kwa osula zitsulo, amene amaziziritsa chitsulo pang'onopang'ono kuti chisakhale chophweka kuthyoka. Koma chitsanzo chapafupi ndi wogula mtedza pamsika akamagwedeza ndowa. Poyamba amagwedeza mwamphamvu, mtedza umadumphadumpha, wina umakwera m'malo motsika. Kenako amagwedeza pang'onopang'ono mpaka mipata yonse itatsekeka. Msaki ameneyu akapeza pulani yabwino kuposa yomwe ali nayo amaitenga. Akapeza yoipa, nthawi zina amaitengabe, kawirikawiri kumayambiriro, mwa kamodzikamodzi kumapeto. Kulola zoipa kumeneku n'komwe kumamutsitsa pa Chambe. Mukaziziritsa mofulumira amakakamira pa nsonga yolakwika; mukachedwetsa kwambiri, mudzadikira mpaka kutopa.

Yachiwiri ndi genetic algorithm, yomwe maziko ake anaika a John Holland a ku Michigan mu 1975. Iyi woweta safunika kumufotokozera kwambiri, poti ndi ntchito yake yomwe. M'malo mwa pulani imodzi mumayamba ndi khola la mapulani, tinene 50, osankhidwa mwachisawawa. Onse amayesedwa pa famu ya m'kompyuta. Ochita bwino amapatsidwa mwayi waukulu wobereka: mwana amatenga tsiku lobereketsa ng'ombe kwa kholo lina, kuchuluka kwa feteleza kwa linalo. Mwa apo ndi apo nambala imodzi imasinthidwa dala, kuti m'kholamo mulowe magazi atsopano. Ikadutsa mibadwo mazana angapo, khola lonse limakhala litasonkhana pamalo okwera. Ndipo matenda ake ndi omwe aja a khola lokwerana pachibale: kholo limodzi likalamulira msanga, ana onse amafanana ndipo kusaka kumaima. Mbale wake wa njirayi, differential evolution ya a Storn ndi a Price ya m'ma 1990, imapanga mwana poona kusiyana kwa mapulani awiri n'kukuonjezera pa yachitatu, ndipo ambiri amaikonda chifukwa ili ndi zokonza zochepa.

Pa kafukufuku wa ku Queensland uja, njira ziwirizi zinaposa moonekeratu njira zongokwera molunjika, ndipo yogwedeza ndowa ija inkafika pa nsonga yeniyeni nthawi zonse. Zimenezi sizitanthauza kuti ndiyo mfumu ya zonse. A Wolpert ndi a Macready anatsimikiza ndi masamu mu 1997 kuti palibe msaki amene amapambana pa mavuto a mtundu uliwonse. Komanso palibe mwa njira zimenezi imene ingalumbire kuti yafika pa Sapitwa. Chomwe akatswiri amachita n'kuyambitsa kusaka kambirimbiri kuchokera malo osiyana. Maulendo onse akathera pamodzimodzi, mtima umakhala pansi.

Chakudza sichiimba ng'oma

Pa famu yeniyeni ng'ombe ziwiri zofanana zikakweretsedwa tsiku limodzi, ina imatenga bere ina ayi. Mapulogalamu ngati SimHerd amatsanzira zimenezi pochita maere: ngati mwayi wotenga bere ndi 40 pa 100, kompyuta imatola nambala mwachisawawa pa ng'ombe iliyonse. Njirayi imatchedwa Monte Carlo, dzina la mzinda wotchuka ndi juga, ndipo inayambira kwa a Stanislaw Ulam ndi a John von Neumann ku Los Alamos, ku America, m'zaka za m'ma 1940.

Kwa msaki, maere amenewa ndi mutu waukulu. Pulani imodzi yomweyo ikayesedwa kawiri imapereka phindu losiyana, ngati kachipangizo koyeza kutalika kaja kakunjenjemera. Msaki angathe kukondwera ndi pulani yomwe inangochita mwayi. Choncho pulani iliyonse imayenera kubwerezedwa maulendo mazana n'kutenga ya pakatikati, ndipo nthawi yosakira imachulukanso ndi mazana omwewo. Pali machenjerero awiri. Loyamba n'kupatsa mapulani onse maere ofanana ndi zaka za mvula zofanana, kuti kusiyana komwe kwatsala kukhale kwa pulani osati kwa mwayi. Lachiwiri n'kuyendetsa pulogalamu yaikulu maulendo masauzande ochepa, n'kuphunzitsa kapulogalamu kopepuka kuti kaziitsanzira, kusakira pa kopepukako, kenako kubwerera ku yaikulu kukatsimikiza. Masiku ano kopepukako kawirikawiri kamakhala ka nzeru za makina zomwe anthu akuzitcha AI.

Maerewa amaululanso kanthu kena. Pulani ya phindu lalikulu pa zaka zonse pamodzi ingakhale yomwe imagwetsa famu m'chaka cha chilala. Mlimi wa ngongole ku banki sangadikire zaka 25 kuti za pakatikati zimukomere.

Phindu, mtsinje ndi mpweya

Tibwerere ku chomwe tikuyezera chipambano. Kale chinali ndalama basi. Lero mlimi wa ku New Zealand, Ireland kapena Netherlands amafunsidwanso za nayitirojeni wolowa m'madzi, yemwe pa mafamu odyetsa m'busa wambiri amachokera pomwe ng'ombe yakodza, ndi za mpweya wa methane womwe ng'ombe imageya. Zolinga zimenezi zimakokana, ndipo palibe pulani imodzi yopambana pa zonse.

Chomwe msaki angachite n'kutaya mapulani onse omwe ali ndi ina yowaposa mbali zonse, n'kusiya okhawo omwe simungakonze mbali ina popanda kuononga inzake. Mzere wa mapulani otsalawa umatchedwa dzina la Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy, ndipo ndondomeko yotchuka youpezera ndi NSGA-II ya a Kalyanmoy Deb ndi anzawo ya 2002. Phindu la mzerewu lili m'maonekedwe ake. Kawirikawiri gawo loyamba lochepetsa kuononga limatsika mtengo, kenako pamafika pokhota pomwe kilo iliyonse yotsatira imadula kwambiri. Alimi, a zachilengedwe ndi boma amakanganabe za poimira pa mzerewo, ndipo masamu alibe mbali pa mkangano umenewo. Amangothandiza kuti onse azikangana akuona mtengo wa chomwe akupempha.

Viniga wa a Dantzig

A Dantzig anafotokozapo okha zomwe zinawachitikira atafuna kuchepetsa thupi pogwiritsa ntchito njira yawo. Anauza kompyuta kuti iwapezere chakudya chokhutitsa koposa popanda kupitirira mphamvu zomwe dokotala analola, ndipo kukhuta anakuyeza ndi kulemera kwa chakudya atachotsako madzi. Yankho loyamba linali magaloni 500 a viniga patsiku, chifukwa pa tebulo la zakudya viniga analembedwa ngati alibe madzi. Atachotsa viniga, kompyuta inawapatsa timibulu 200 ta supu wa mchere, poti palibe anaika malire a mchere. Pambuyo pake inawalembera mapaundi awiri a madeya patsiku.

Nkhaniyi imaseketsa, koma ndi yomwe aliyense womva kuti "kompyuta yapeza" ayenera kuikumbukira. Msaki sasaka pa famu yanu, amasaka pa famu ya m'kompyuta, ndipo pomwe pulogalamu yalakwitsa mokomera phindu m'pomwe iye amathamangira. Ngati pulogalamu siidziwa kuti ng'ombe zikapondaponda busa lonyowa udzu umawonongeka, adzakuuzani kuti muunjike ng'ombe m'nyengo ya mvula. Ngati siilanga ng'ombe yowonda pa kubereka kwa chaka chamawa, adzaikama mpaka nthiti kuoneka, n'kutseka chaka ndi phindu lokongola. N'chifukwa chake opanga mapulogalamu amalamula kuti famu ithere chaka ili ndi udzu, chakudya chosungidwa ndi thupi la ng'ombe monga inayambira. Ambiri a iwo amavomereza kuti ntchito yoyamba yomwe msaki amawagwirira n'kuwaonetsa zibowo za pulogalamu yawo.

Tsono masenti 24 aja. A Stigler, opanda simplex, anafika pafupi kwambiri ndi yankho lenileni, ndipo zotere si zachilendo. A David Pannell a ku Western Australia akhala akuonetsa kuti pa ulimi pamwamba pa phiri la phindu nthawi zambiri m'pafulati, ngati pa Zomba osati ngati pa nsonga ya mkondo. Feteleza kapena ng'ombe zikachepa kapena kuchuluka pang'ono kusiyana ndi nambala "yabwino koposa", phindu limasintha mochepa zedi. Kwa ine apa m'pamene pagona ntchito yeniyeni ya zida zimenezi. Nambala imodzi yomwe yatuluka pamwamba siiposa kwenikweni mapulani 20 oyandikana nayo, ndipo pakati pa 20 amenewo mlimi angasankhe yomwe ikugwirizana ndi antchito ake, ngongole yake ndi tulo take. Chomwe ayenera kudziwa ndi komwe kuli phompho, ndi zosankha ziti mwa 16 zija zomwe zimasunthadi ndalama, chifukwa nthawi zambiri zimakhala zochepa chabe.

Nanga khola la ng'ombe ziwiri?

Mapulogalamu omwe tatchulawa anapangidwira makola a ng'ombe mazana, zodya udzu wa kumaiko ozizira kapena chimanga chofutsa. Mkaka wambiri wogulitsidwa m'Malawi umachokera kwa alimi a ng'ombe imodzi, ziwiri kapena zitatu za m'khola, m'maboma ngati Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, odula nsenjere n'kusenza pamutu kapena panjinga, n'kukapereka mkaka ku malo osonkhanitsira a gulu lawo. Kuika famu yotere m'pulogalamu ya ku Denmark osasintha masamu a m'kati n'kuitanira viniga uja. Pulogalamuyo siidziwa nsenjere ya mu Okutobala, nkhupakupa, kutentha, kapena mkaka wobwezedwa chifukwa magetsi anazima pa thanki yoziziritsira. Ndiponso maere amaluma kwambiri pa khola laling'ono: wa ng'ombe 400 zikafa 4 wataya gawo limodzi pa 100, wa ng'ombe ziwiri ikafa imodzi wataya theka.

Gawo lomwe limafika kwathu mosavuta ndi lakale lija, losakaniza chakudya. Silifuna kompyuta yamphamvu. Mu Excel muli chida chotchedwa Solver chomwe chimachita m'kuphethira kwa diso ntchito yomwe inatopetsa makalaliki 9 aja, ndipo mlangizi wa ziweto kapena mlembi wa gulu angasinthe mitengo ya madeya ndi keke mwezi uliwonse n'kuona kasakanizidwe katsopano. Chomwe chimafunika kuti yankho likhale loona ndi manambala olowetsamo: madeya a kuchigayo chino ali ndi mapuloteni angati ndipo ndi onyowa bwanji, ng'ombe ikulemera makilo angati, ikutulutsa malita angati m'mawa ndi madzulo, inabereka tsiku liti. Atatu omalizawa amapezeka ndi tepi yoyezera chifuwa cha ng'ombe, jagi ya malita ndi kope losungidwa pouma.